ZOCHITIKA ZA PA YUNIVESITE: KODI ANTHU A KWA TENGANI ZIKUWAFIKA?

Ndi Mtolankhani Wathu

Chaka chiri chonse mayunivesite a dziko lino amalengeza pa wailesi, m'manyuzipepala ndi pa intaneti mndandanda wa zimene zidzachitike pa malo awo m'miyezi ikudzayo. Pa mndandanda wotere timawerengapo za tsiku lolandira ophunzira atsopano, tsiku lopereka madigiri, misonkhano imene akatswiri amafotokozerapo zimene apeza pa kufufuza kwawo, zionetsero za sayansi, zisudzo, magule ndi mipikisano ya masewera. Kwa munthu wokhala ku Zomba kapena ku Blantyre zimenezi ndi nkhani za pakhomo, pakuti akhoza kupitako ndi miyendo. Koma mphunzitsi wa kwa Tengani, kapena kalaliki wa pa boma la Nsanje, akamva kulengezako kawiri kawiri amangoti ndi zao za anthu a kumtunda, natembenukira ku nchito zake.

Ife tikuona kuti maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akutayitsa chigwa cha Shire zinthu zambiri. Mayunivesite a Boma amayendetsedwa ndi ndalama za msonkho, ndipo msonkhowo mlimi wa thonje wa kwa Tengani amaupereka nthawi iri yonse pamene agula sopo, nsalu kapena njinga. Tsono ndi koyenera kuti tifunse mafunso awiri. Kodi pa zochitika zimenezi ndi ziti zimene ziri ndi phindu kwa anthu a m'chigwa? Nanga ndani ayenera kuchitapo kanthu kuti phindulo litsike phiri la Thabwa ndi kufika kwa eni ake?

M'MENE ZINAYAMBIRA

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa ndi lamulo mu October 1964, patangopita miyezi itatu dziko litalandira ufulu wodzilamulira. Maphunziro anayamba pa Chichiri mu mzinda wa Blantyre mu September 1965 ndi ophunzira 90 okha. Chancellor wake woyamba anali Dr. H. Kamuzu Banda, ndipo woyendetsa nchito za tsiku ndi tsiku anali Dr. Ian Michael. Posakhalitsa Yunivesite inakhala ndi nthambi zisanu: Chancellor College, Polytechnic, Soche Hill yophunzitsa aphunzitsi, sukulu ya ku Mpemba yophunzitsa kayendetsedwe ka nchito za Boma, ndi Bunda ya zaulimi. Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba. Kamuzu College of Nursing inabwera mu 1979, ndipo College of Medicine mu 1991.

Pambuyo pake chiwerengero chinakula. Yunivesite ya Mzuzu inakhazikitsidwa mu 1997 ndi kuyamba kuphunzitsa mu 1999. Bunda inapatuka nikhala LUANAR mu 2012. Yunivesite ya sayansi ya MUST inatsegula zitseko zake pa Ndata, m'boma la Thyolo, mu 2014. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu: ya ku Zomba inasunga dzina lakale, Polytechnic inasanduka MUBAS, ndipo masukulu a udokotala ndi unamwino anaphatikizana kukhala KUHeS. Motero mayunivesite a Boma anakwana asanu ndi imodzi.

Uku ndi kupita patsogolo kumene munthu sangakane. Komabe tikatenga mapu ndi kuika kadontho pa malo onse amene tatchulawa, tidzaona kuti timadontho tonse tiri kumtunda. Kuchokera pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa kufikira ku Marka, m'malire a dziko la Mozambique, palibe yunivesite ya Boma imene iri ndi likulu lake m'menemo. Chikhalirecho kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 560,000 m'boma la Chikwawa ndi anthu pafupi fupi 300,000 m'boma la Nsanje.

LONJEZO LA KU BANGULA

Awerengi athu akukumbukira kuti cha m'ma 2010 malemu Pulezidenti Bingu wa Mutharika analengeza maganizo omanga mayunivesite atsopano m'zigawo zosiyana siyana. Imodzi mwa iwo inayenera kukhala ku Bangula, ndipo inayenera kuphunzitsa za thonje ndi za kasamalidwe ka madzi. Maganizowa anali anzeru, pakuti thonje ndi madzi ndizo zimene zagwira moyo wa chigwa kuyambira kale. Pa mayunivesite amene anatchulidwa nthawi imeneyo, ya ku Ndata ndiyo inamangidwa ndi kutsegulidwa. Ya ku Bangula inatsalira pa pepala.

Si kulakwa kuti mafumu ndi aphungu a m'chigwa apitirize kukumbutsa za lonjezo limeneli. Koma kumanga yunivesite ndi nchito ya ndalama zochuluka ndi zaka zambiri, ndipo mwana amene ali mu Fomu 2 lero sangadikire njerwa zimene sizinaumbidwe. Akulu akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chimene chiri pamphuno lero ndi mayunivesite asanu ndi imodzi amene alipo, pamodzi ndi zochitika zao za chaka ndi chaka. Awiri mwa iwo ali mu Blantyre, mtunda wa makilomita pafupi fupi 180 kuchokera pa boma la Nsanje, ndipo MUST iri m'boma loyandikana nalo.

ZIMENE CHIGWA CHAPEREKA KALE

Pamene tikunena kuti zochitika za pa yunivesite zifike kwa Tengani, sitikupempha mphatso iai. Chigwa cha Shire chakhala chikudyetsa anthu ophunzira nzeru kwa zaka zambiri.

Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wochokera ku Holland amene anagwira nchito m'chigwa muno ndipo pambuyo pake anaphunzitsa pa Chancellor College, anatha zaka akufunsa akulu akulu za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi. Buku lake lochedwa River of Blood linatuluka mu 1992. Dr. Elias Mandala, Mmalawi amene anakaphunzitsa pa yunivesite ya Rochester ku America, analemba mbiri ya alimi a m'chigwa kuyambira 1859 kufikira 1960, ndipo buku lake linatuluka mu 1990. Mabuku onse awiri amawerengedwa m'mayunivesite a maiko akutali. Onse ali m'Chingerezi, ndipo onse anamangidwa pa mau a nkhalamba za Chimang'anja ndi Chisena zimene zinakhala pansi pa mitengo kuyankha mafunso.

Pa za umoyo ndi chimodzi modzi. Boma la Chikwawa lakhala malo amene madokotala a College of Medicine ndi anzao a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akufufuzirako za malungo. Chapakati pa zaka za m'ma 2010, m'midzi yozungulira nkhalango ya Majete, College of Medicine pamodzi ndi mayunivesite a ku Wageningen ndi Amsterdam anayesa njira zochepetsera udzudzu potseka mipata ya pakati pa khoma ndi denga ndiponso pothira mankhwala m'zithaphwi m'mene udzudzu umaswanirana. Pamene dziko la Malawi linakhala loyamba pa dziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana m'zipatala zake, mu April 2019, maboma a Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma oyambirira.

Nako kusefukira kwa madzi kwabweretsa ofufuza ambiri. Chigumula cha January 2015 chinasiya anthu oposa 200,000 opanda pokhala m'dziko muno, ndipo dera la Makhanga linasanduka chilumba. Kenaka kunadza namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022, amene anaononga damu la Kapichira, ndi wa Freddy mu March 2023, amene anapha anthu mazana mazana m'chigawo cha kumwera. Madzi akaphwa, magalimoto amatsika ndi anyamata ndi asungwana onyamula mapepala a mafunso. Anthu amawalandira bwino, nawayankha. Mayankho aja amakwera phiri, nasanduka madigiri ndi malipoti, nakawerengedwa pa misonkhano m'mahotela a m'mizinda ndi a kunyanja. Funso limene akulu a m'midzi amafunsa ndi lakuti, kodi zimene munapeza zija zinali zotani? Funso limeneli ndi loyenera, ndipo liyenera kuyankhidwa.

TSIKU LIMENE LIPOSA ONSE

Pa zochitika zonse, chimene chiri ndi mphamvu yosintha moyo wa mwana wa kwa Tengani si chimene chimakhala ndi ng'oma ndi nyimbo. Ndi tsiku lotsekera kulandira makalata ofunsira malo. Bungwe la National Council for Higher Education, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo limasonkhanitsa nchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite a Boma. Zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, mwana ayenera kufunsira yekha malo, kusankha maphunziro amene akufuna, kulipira ndalama ya kalatayo ndi kutumiza zonse nthawi isanathe. Afunika kukhala atakhoza bwino maphunziro asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi. Amene makolo ake sangathe kulipira ayeneranso kufunsira ngongole ku bungwe loona za ngongole za ophunzira, limene linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo nalonso liri ndi tsiku lake lotsekera.

Nkhaniyi yakula msinkhu chifukwa cha kusintha kumene kunachitika mu 2020. Kwa zaka pafupi fupi khumi m'mbuyo mwake, kusankha kunkatsata njira ya kota, imene inkasungira boma liri lonse malo ake owerengeka. Ena ankati njirayi inkapondereza ana okhoza bwino a m'maboma ena, pamene ena ankati inkatchinjiriza maboma amene masukulu ake ali osauka. Mu 2020 Boma linalengeza kuti njirayi yathetsedwa. Sitikufuna kuutsanso mkangano umenewo pano. Tingonena chotsatira chake: tsopano mwana wa ku Nsanje akupikisana maso ndi maso ndi mwana wa ku Lilongwe amene ali ndi magetsi, mabuku ndi foni ya intaneti m'thumba. Pa mpikisano wotere, kusamva uthenga kungamgwetse mwana amene mayeso sanamgwetse.

Taganizani za mnyamata amene wamaliza Fomu 4 pa sukulu yoyendera. Mayeso akatha amabwerera kumudzi, mwina kutsidya kwa Shire, nayamba kuthandiza makolo ku dimba kapena kupita ku ganyu ya nzimbe ku Nchalo. Sukulu samapitakonso. Kulengeza kukatuluka pa intaneti, ndani adzamuuza? Ngati mphunzitsi wamkulu sanasunge dzina la mudzi wake ndi nambala ya foni ya mbale wake, mwana ameneyo watayika, ngakhale mapointi ake akhale okoma chotani.

MASIKU OONETSA NCHITO ZA SUKULU

Chochitika chachiwiri chofunika ndi masiku amene yunivesite imatsegula zipata kuti ana a sekondale aone zimene zimaphunzitsidwa, pamodzi ndi misasa ya sayansi ya pa tchuthi. MUST, mwa chitsanzo, yakhala ikusonkhanitsa asungwana a m'masukulu a sekondale pa Ndata kuti akhale masiku angapo akuona nchito za sayansi ndi kucheza ndi akazi amene anapambana pa maphunziro amenewa.

Phindu la masiku otere liri pa nthawi yake. Mwana amasankha maphunziro ake polowa Fomu 3, ndipo amene wasiya Physics ndi Chemistry pa nthawi imeneyo wadzitsekera yekha khomo la udokotala ndi la uinjiniya asanadziwe kuti khomolo liripo. Ana ambiri a m'midzi amadziwa nchito zinayi kapena zisanu zokha zimene anaziona ndi maso: uphunzitsi, unamwino, upolisi, ulangizi ndi ukalaliki. Za unamwino amazidziwa chifukwa cha sukulu ya anamwino ya pa chipatala cha Trinity kwa Muona, ndipo ichi chikutsimikiza kuti mwana amalakalaka chimene wachiona.

Chikhalirecho maphunziro amene chigwa chikuwasowa alipo. Ku MUST amaphunzitsa za kapewedwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi, za nyengo ndi za ubwino wa madzi. Ku LUANAR amaphunzitsa za ulimi wothirira, za ziweto, za udokotala wa nyama ndi za nsomba. Ku MUBAS amaphunzitsa kumanga miseu, milatho ndi madamu. Tsopano taonani zimene ziri m'chigwa: ng'ombe zochuluka, nsomba za m'madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi, munda waukulu wa nzimbe wa ku Nchalo, ndi njanji yochokera ku Marka imene inaleka kufika ku Blantyre pamene madzi anaidula cha ku Chiromo mu 1997. Pamwamba pa izi pali nchito yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, imene Boma linayamba kukumba mu 2020 ndi chithandizo cha World Bank ndi African Development Bank. Cholinga chake ndi kutenga madzi pa Kapichira ndi kuwayendetsa m'ngalande kulinga ku Bangula, kuti athirire mahekitala oposa 40,000. Ngalande yotere siidzayenda yokha. Idzafuna oyeza madzi, okonza makina, osunga mabuku a makopaletivu ndi alangizi kwa zaka makumi makumi. Ngati ana a m'chigwa sadzaphunzira nchito zimenezi, adzakhala olima ndi khasu m'mphepete mwa ngalande imene ikuyendetsedwa ndi alendo okha okha.

PHUNZIRO LA NKHONDO YA MITUMBIRA

Chochitika chachitatu ndi misonkhano youlutsa zofufuza. Sukulu ya udokotala ya ku Blantyre yakhala ikuchititsa msonkhano wotere chaka ndi chaka, ndipo mayunivesite enawo ali nayonso yao. Pano ndi pamene mbiri ya kwa Tengani iri ndi mau oti iuze anthu ophunzira.

M'zaka za m'ma 1950 Boma la atsamunda linalamula kuti mlimi ali yense azilima mizere pofuna kuteteza nthaka, ndipo okana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Lamulolo linachokera kwa akatswiri amene anaona kukokoloka kwa nthaka m'mapiri. Koma alimi a m'boma la Port Herald, limene lero ndi Nsanje, anati nthaka yao ndi yachidikha ndi yotentha, ndipo mizere imaumitsa mbeu msanga. Palibe anawamvera. Mfumu Molin Tengani, imene inali yamphamvu masiku amenewo, inaima kumbali ya lamulolo, nisemphana ndi anthu ambiri pamodzi ndi osunga kachisi wa Mbona. Mkangano umenewu anthu anaucha nkhondo ya mitumbira, ndipo unathandiza kukankhira alimi kumbali ya omenyera ufulu.

Phunziro lake ndi lakuti nzeru yobwera ngati lamulo, yosayamba yakhala pa bwalo ndi eni nthaka, imabala udani ngakhale cholinga chake chikhale chabwino. Lero nkhani imene yafanana ndi imeneyo ndi ya kusamutsa anthu kuchoka m'malo osefukira madzi. Wophunzira amaona mapu nanena kuti anthu akwere kumtunda. Mlimi amaona dimba limene limampatsa chimanga, mbatata ndi nyemba madzi akaphwa, amaona manda a makolo ake, ndipo amadziwa kuti kumtundako adzakhala mlendo pa nthaka ya mfumu ina. Onse awiri ali ndi mbali ya choona. Koma ngati wina alankhula mu hotela ndipo mnzakeyo alankhula pansi pa mtondo, sadzamvana mpaka kale kale.

Yunivesite yathu inaonetsa kale kuti njira ina iripo. M'zaka za m'ma 1980 gulu la zisudzo la Chancellor College lochedwa Travelling Theatre, motsogozedwa ndi aphunzitsi onga Chris Kamlongera ndi David Kerr, linatuluka mu Zomba ndi kupita m'midzi ya cha ku Liwonde. Linkachita masewero m'Chichewa okhudza zitsime, zimbudzi ndi matenda, ndipo anthu a m'mudzi ankalowa m'sewero momwemo, natsutsa, napereka maganizo ao. Nayonso nchito ya malungo ya ku Majete inaphunzitsa anthu odzipereka a m'midzi momwemo kuti azichititsa misonkhano ya malungo kwa anzao. Zimene zinatheka ku Liwonde ndi ku Majete zingathekenso kwa Tengani, kwa Mbenje ndi kwa Mlolo, malinga zichitike m'Chisena ndi m'Chimang'anja.

TSIKU LA MADIGIRI

Chochitika chachinayi ndicho chodziwika kwa onse. Pa tsiku lopereka madigiri, monga zimachitikira mu Great Hall ku Zomba, mabanja amabwereka galimoto, nanyamuka usiku, kuti akaone mwana wao atabvala mkanjo ndi chipewa. Ndi tsiku la nthungululu, ndipo liyenera kutero. Koma chimwemwe chimenechi chimathera m'banja limodzi. Ana a sukulu imene inamlera mnyamatayo kapena msungwanayo sadziwa kanthu, ndipo mwini wakeyo kawiri kawiri amatsalira m'tauni kufuna nchito.

Ndi chodziwika kwa onse ogwira nchito za Boma kuti ambiri ochokera kumtunda akamva kuti atumizidwa ku Nsanje amayamba kufuna njira yosinthira, poopa kutentha kwa mwezi wa October ndi kusefukira kwa madzi. Mwana wobadwira m'chigwa kutenthako anakuzolowera, chinenero amachidziwa, ndipo abale ake ali pomwepo. Motero digiri iri yonse ya mwana wa m'chigwa ndi chuma cha boma lonse. Kungakhale kwanzeru kuti sukulu iri yonse ya sekondale, kuyambira Chikwawa, Ngabu, Bangula ndi Nsanje kufikira masukulu oyendera a m'midzi, ikhale ndi buku lolembamo ana ake amene anafika ku yunivesite, ndi kuti iziwaitana pa tchuthi kudzalankhula ndi ang'ono ao. Mau a munthu amene anakhala pa benchi lomwelo amalowa kuposa mau a mlendo.

NANGA NDALAMA?

Ena adzati zonsezi ndi zokoma pakamwa, koma mayunivesite alibe ndalama zokwanira ngakhale zogulira mabuku ndi kumanga malo ogona ophunzira, ndipo mafuta a galimoto ndi odula. Bvuto limeneli ndi loona ndipo sitikulichepetsa. Koma tiyeni tiwerengere bwino. Kunyamula ana a sukulu imodzi kupita nao ku Blantyre kumafuna basi, chakudya, ndipo mwina malo ogona. Kutsitsa aphunzitsi asanu a pa yunivesite ndi zipangizo zao kumafuna galimoto imodzi, ndipo masukulu angapo oyandikana akhoza kusonkhana pa bwalo limodzi. Ndiponso magalimoto a ofufuza amatsika kale ndi ndalama za nchito zao. Chofunika ndi kuonjezera tsiku limodzi pa ulendo umene walipiridwa kale.

Nyengo nayo iyenera kuganiziridwa. Kuyambira December kufikira March miseu ya m'chigwa siidalirika, ndipo masukulu ena amasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Mwezi wa May ndi wabwino polankhula ndi ana a Fomu 2, mayeso asanayambe ndiponso asanasankhe maphunziro ao. Miyezi ya July ndi August, pamene kuli kozizirirapo ndipo thonje lagulitsidwa, ndi yabwino pa misonkhano ya alimi. Nkhani za kukonzekera madzi osefukira ziyenera kukambidwa mvula isanagwe. Okonza mndandanda wa zochitika ku Zomba, ku Ndata ndi ku Bunda sangadziwe zimenezi ngati palibe wowauza.

UDINDO WA AWERENGI ATHU

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pa khomo la aphunzitsi ndi anchito a Boma, pakuti iwo ndiwo amene amamva zinenero zonse ziwiri, cha pa yunivesite ndi cha pa mudzi.

Mphunzitsi wamkulu wa sekondale asalole ana a Fomu 4 kubalalika asanalembe kumene adzapezeke. Asankhe mphunzitsi mmodzi woti azitsata zolengeza za mayunivesite, za bungwe losankha ophunzira ndi za bungwe la ngongole, ndipo zolengezazo zizimatidwa pa sukulu, pa msika ndi pa chipatala, ziziwerengedwanso m'machalichi, m'mizikiti ndi pa mawailesi a m'chigwa. Zotsatira zikatuluka, sukulu iike tsiku loti ana okhoza abwere kudzathandizidwa kulemba makalata ao pa kompyuta kapena pa foni ya mphunzitsi. Nchito imeneyi siifuna ndalama zambiri. Ifuna munthu wosaiwala.

Akulu a maphunziro a chigawo cha South West, m'mene muli maboma a Chikwawa ndi Nsanje, alembe makalata ku mayunivesite chaka chisanayambe, kupempha malo a ana a m'chigwa pa misasa ya sayansi, ndi kuitana aphunzitsi ao kuti atsike. Yunivesite imayankha kalata ya ofesi msanga kuposa dandaulo la pa msonkhano. Safunsa anadya phula.

Bwanamkubwa wa boma ali ndi chida china m'manja mwake. Ndi mwambo kuti bungwe lofuna kugwira nchito m'boma liyambe laonekera pamaso pa komiti ya akulu a nthambi za Boma kuti lifotokoze cholinga chake. Pa nthawi yomweyo komitiyo ikhoza kupempha ofufuza kuti alonjeze kubwerera ndi zotsatira, kudzazifotokoza kwa khonsolo, kwa makomiti a chitukuko a kwa mafumu, ndi m'midzi imene anafunsamo mafunso, ndi kusiya lipoti lalifupi m'chinenero chimene anthu angamve. Wofufuza woona mtima sangakane pempho lotere. Alangizi a zaulimi, azaumoyo a m'midzi ndi makomiti oona za ngozi adzapeza m'malipoti amenewa zida zogwirira nchito zao.

Nao mafumu, kuyambira a Tengani amene, ali ndi mau amene amamveka kutali. Bwalo limene kale linali la milandu ya mizere likhoza lero kukhala malo amene katswiri wa za madzi ndi nkhalamba yodziwa makhalidwe a Shire angakhale pa mphasa imodzi, wina ndi mapu ake, wina ndi zimene maso ake anaona kuyambira ubwana.

Yunivesite ya ku Bangula ikhoza kudzamangidwa, ndipo tikhulupirira kuti tsiku limenelo lidzafika. Koma idzafuna aphunzitsi, ndipo kudzakhala kokoma ngati ena mwa iwo adzakhale ana a m'chigwa chomwechi. Ana amenewo ali m'makalasi lero, pa Mpatsa, pa Phokera, pa Sorgin ndi pa Makhanga. Chotero pamene mndandanda wa zochitika za chaka chino udzalengezedwa, tikupempha mphunzitsi ali yense ndi wanchito wa Boma ali yense wa m'chigwa kuti auwerenge ndi cholembera m'manja, achonge masiku amene akukhudza ana ake ndi anthu ake, ndipo alembe kalata yoyamba sabata lomwelo.